Ana Khumi ndi Anayi a pa Khoma

Firenze, 14 Meyi 1961

Amayi okondedwa,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene ntchito ya kumunda yakuchulukirani, ndiponso muyenera kukwera chitunda kupita kwa mayi aang'ono, a Filomena, kuti akuwerengereni. Mayi aang'ono, inunso pepani. Werengani pang'onopang'ono, mukudziwa kuti sukulu ndinalekera m'kalasi yachisanu.

Ine ndili bwino, kaya inu ndi atate ndi achimwene a Vito? Nanga Rocchina wanga? Mwezi uno akwanitsa chaka. Mano atuluka angati? Chifuwa chija chinatha?

Ndatumiza lira 9,000 pa positi. Mumugulire nsapato zofewa. Mbuzi yoyera ija musagulitse, mkaka wake wokha ndi umene mwanayo samasanza.

Kuno ku nyumba ya alendo ya a Dona Adalgisa zipinda zilipo khumi ndi ziwiri, ndipo zonse ndimakolopa ndine. Buledi wawo wopanda mchere uja ndayamba kumuzolowera. A Dona sadziwabe za mwana. Pondilemba ntchito anafunsa ngati ndili ndi chondikoka kumbuyo. Ine ndinayang'ana pansi, iwo anayesa kuti ndakana, ndipo sindinawakonze.

Mawu amene munalembetsa kumapeto kwa kalata yanu ndawawerenga kanayi. Mukuti makolo a mtsikana amene achimwene akufuna kukwatira sangalole mwana wawo kulowa m'nyumba momwe muli mwana wopanda bambo, ndipo atate ayamba kunena za asisitere a ku Potenza. Amayi, mwana akalowa kumeneko dzina amamusintha, ndipo anthu achilendo amabwera kudzasankha. Chonde auzeni atate kuti adikire. Ndibwera kudzamutenga ndekha.

Ndinapempha a Dona sabata imodzi. Anati: "Nyengo ya alendo ino? Udzandifunse mu Novembala." Za tikiti ya sitima musandifunse, zonse zimene ndimalandira mukuzidziwa kumene zimapita.

Koma pali kanthu kena. A Fosca, amene amaphika kuno, anandikokera pa zenera la ofesi ya maulendo ya a Tognaccini pochokera kumsika. Pamatidwa chipepala cha mpikisano wa mafunso okhudza matchalitchi, ziboliboli ndi zithunzi zakale za mzinda uno. Wopambana adzalandira tikiti ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, kulikonse kumene sitima imafika mu Italy. A Fosca amangoseka: "Lowa, Wakudothi! Ukapambana ukanditengere tsabola wouma wa kwanu." Amanditchula Wakudothi chifukwa ndine wakumwera, koma alibe mtima woipa.

Ine sindinaseke nawo. Ndinawerenga chipepalacho mpaka pansi.

Mumupsompsone Rocchina pachipumi.

Mwana wanu,
Nunziata


Firenze, 4 Juni 1961

Amayi okondedwa,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino, kupatula mawondo. Ndasangalala kumva kuti mano ndi anayi ndipo wayamba kuimirira pogwira mpando. Mpandowo ukhale kutali ndi moto.

Mpikisano uja ndalowa. Atate musawauze. Loweruka lililonse amamata mafunso atatu pa zenera. Munthu amalemba mayankho pa khadi la lira 20 n'kuponya m'bokosi lisanafike Lachisanu. Zidzatero masabata khumi ndi awiri, kenako asanu okhoza kwambiri adzaimirira pamaso pa anthu mu Sepitembala.

Anzanga ali ndi mabuku. Ine buku limodzi limene mlendo wina anaiwala m'chipinda ndinaliyesa, koma tsamba limodzi linanditengera nthawi yonse yopuma, ndipo ndinatulukamo wopanda kanthu m'mutu. Ndiye ndachita monga mumachitira inu pogula nsalu: ndimapita kukaona ndi maso anga, n'kuwerenga ndekha kawiri.

Anafunsa kuti masitepe okwerera denga lalikulu la tchalitchi cha Duomo, lija anamanga Brunelleschi, ndi angati. Lachinayi masana ndinalipira pakhomo, ndinaika nyemba m'thumba lakumanja, ndipo masitepe khumi aliwonse ndimasamutsa nyemba imodzi kupita kumanzere. Njira yake ndi yopapatiza, yamdima, ndipo alendo awiri a ku Amereka kumbuyo kwanga amadandaula kuti ndikuchedwetsa. Pamwamba ndinapeza nyemba 46 ndi zala zitatu. Ndinatsika n'kuyambanso, chifukwa pakati paja munthu wina anandigunda ndipo ndinakayika. Zinabwera chimodzimodzi, 463. Mzinda wonse akuti umaoneka bwino kuchokera pamwamba pake. Sindinayang'ane, ndimaopa kuiwala nambala.

Pali bambo wachikulire, a Gosto, amene amayendetsa alendo pa ngolo ya hatchi ndipo amaima pakona ya msewu wathu. Anandiona ndikuwerenga zigawo za chitseko chagolide cha nyumba yobatizira, chala chili m'mwamba.

"Iwe kamtsikana, ukufuna kugula? N'chodula chimenecho."

Ndinafuna kuthawa, koma anapitiriza: "Khumi. Wopanga wake Ghiberti. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri akusula chitseko chimodzi, ngati mlamu wanga pokonza mpanda wa nkhuku. Lemba."

Ndinati zikomo, koma ndinawerengabe ndekha. Zinalidi khumi. Iwo anaseka mpaka hatchi yawo, Nerina, inatembenuka. "Nerina, taona! Sakhulupirira munthu wa ku Firenze. Ali ndi nzeru uyu."

Tsopano ndikamadutsa ndi dengu amandikuwira funso, ndipo ndikayankha motsitsa mawu amati: "Sindikumva! Ukuulula machimo kapena ukuyankha?"

Ndatumiza lira 9,000. Mukuti atate atengapo theka kugulira achimwene suti. Sindikunena kanthu. Koma mkaka wa mwana usachepe.

Mwana wanu,
Nunziata


Firenze, 2 Julaye 1961

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo tirigu mwamaliza kumweta. Ine ndili bwino. Masabata asanu ndi awiri apita, ndalakwa funso limodzi lokha, la chaka chimene wojambula wina anamwalira. Chaka sichiwerengeka ndi nyemba.

Pali chinthu chimene sindinakuuzeni chifikireni kuno. Lamulungu ndimapita ku Misa yoyamba ku tchalitchi cha Annunziata, cha dzina langa. Pabwalo lake lomwelo pali nyumba yaitali ya mizati yowonda, imene anaimangira ana osiyidwa zaka mazana asanu zapitazo. Pamwamba pa mizatiyo pali mbale zadothi zozungulira, zabuluu ngati thambo la kwathu, ndipo m'mbale iliyonse muli khanda loyera lokulungidwa m'nsalu, manja lili tambasu. Ena nsalu yawamasuka, ngati mmene Rocchina amachitira mukangomufunda. Ndikatuluka m'Misa ndimakhala pa masitepe a tsidya lina n'kumawayang'ana. Ndimayambira kumanzere, mmodzimmodzi. Wakumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, ali ndi masaya ake.

Lamulungu lapitali a Gosto anandipeza pamenepo akumwetsa hatchi. Sanandifunse funso lililonse la mpikisano. Ananditengera kumapeto kwa khonde n'kundionetsa kazenera ka zitsulo.

"Agogo anga aamuna analowera apa," anatero. "Mipata yake ndi yoti khanda lokha lilowe. Mayi amaika mwana, amaliza belu, amachoka osatembenuka. N'chifukwa chake ndife a Nocentini, dzina la ana a nyumba ino. Theka la anthu a mzinda uno odzikuzawa linatulukira pa khomo ili, usawaope."

Kenako anatulutsa m'chikwama theka la kandalama kakale, koboola. Akuti amayi ambiri ankadula ndalama kapena mendulo pakati. Theka amamangirira pa mwana, theka amasunga, kuti tsiku lina akadzabwera adzalumikize, adziwike kuti mwanayo ndi wawo.

Ndinafunsa ngati mayi wa agogo awo anabwera.

"Ukuona ndili ndi theka lokha," anatero.

Amayi, sindinadzigwire. Ndinalira pamaso pa munthu wamwamuna, pabwalo, anthu akudutsa. Iwo anangopita kukakonza lamba wa hatchi amene sanali wolakwika.

A Fosca akudziwa tsopano. Anapeza kasokosi ka Rocchina pansi pa pilo wanga posintha nsalu. Ndinayesa kuti basi ntchito yatha. Iwo anatseka chitseko n'kunena kuti: "Chitsiru iwe, miyezi isanu ndi itatu ukudya misozi wekha ngati kuno kulibe akazi? Wamwamuna kapena wamkazi?" Ali ndi mkulu wawo, a Bruna, wochapa zovala kutsidya kwa mtsinje, ku San Frediano. A Bruna avomera kuti Rocchina azidzakhala nawo, ine ndizidzamuona Lachinayi ndi Lamulungu. Malo alipo, amayi. Chatsala ndi njira yokha.

Mwana wanu,
Nunziata


Firenze, 30 Julaye 1961

Amayi okondedwa,

Moni. Ine ndili bwino. Kalata yanga ya pa 2 simunayankhe, ndalama za mwezi uno simunanene ngati zafika. Kodi mayi aang'ono akudwala? Kodi kalata inagwera m'manja mwa atate? Wapositi akangoliza belu ndimatsika masitepe ndi tsache m'manja, mpaka a Dona afunsa ngati ndili ndi chibwenzi.

Kuno kukutentha kwambiri. Kachipinda kanga ka kudenga kali ngati uvuni. Chakudya sichikulowa bwino, koma si matenda.

Pa zenera la a Tognaccini ayamba kumata mayina a amene ali patsogolo. Langa ndi lachinayi: N. Santarsiero. Ndinaima pamenepo ndi dengu la anyezi, ndipo amuna awiri amawerenga. Wina anati: "Santarsiero? Dzina lakumwera limenelo. Mwina ndi woweruza milandu amene anamusamutsira kuno." Mnzake anati: "Kapena wansembe." Ndinachoka msanga.

Sabata ino anafunsa za chiboliboli chachikulu cha Davide chimene chili pabwalo la boma, ngati ndi chenicheni. A Gosto akuti chenichenicho anachisamutsira m'nyumba kalekale, chapabwalocho n'chongofanizira, koma alendo amachijambula ndi kuchilirira chimodzimodzi. Ndinalipira kukaona cham'nyumbacho kuti nditsimikize. Amayi, n'chamaliseche. Ndinayang'ana mapazi okha.

Ndinalota Rocchina akuyenda. Kodi wayamba? Akamati "mama" amatchula ndani?

Ngakhale mizere iwiri yokha.

Mwana wanu,
Nunziata


Firenze, 27 Ogasiti 1961

Amayi okondedwa,

Kalata yanu yafika Lachitatu. Zikomo, mayi aang'ono, polemba zonse osabisa, ngakhale inki yafufutika m'malo awiri. Ndamva. Ukwati wa achimwene ndi pa 8 Okutobala. Atate analankhula kale ndi asisitere, ndipo adzapita ndi Rocchina kumeneko pa 29 Sepitembala, tsiku la Mikayeli Woyera, popita kukagulitsa mbuzi. Ndamvanso chifukwa chimene simunathe kutuluka m'nyumba masabata atatu aja. Dzanja limene atate akupwetekanilo muzilithira madzi otentha a mchere. Sindilemba zambiri pa zimenezo.

Ine ndili bwino. Ndili m'gulu la asanu. Tsiku lake ndi Loweruka pa 16 Sepitembala, 4 koloko masana, mu holo ya pafupi ndi siteshoni.

A Tognaccini anatumiza kalata kuno, a Dona anaitsegula okha. Anandiitanira m'chipinda chochezera, mmene ndimalowa ndi nsanza yokha.

"Nunziata, ndiwe N. Santarsiero?"

Ndinati inde, a Dona, pepani.

"Pepani wa chiyani? Wantchito wanga! Wa m'nyumba mwanga!" Anayamba kuyendayenda. Akuti a nyuzipepala adzabwera ndipo dzina la nyumba yawo lidzalembedwa. Akuti adzandibwereka diresi ya mphwawo. Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti ndikapambana tikitiyo ndidzaikwera liti. Anati: "Ukapambana ndikupatsa sabata yathunthu, ukaone amayi ako." A Fosca anamva, ndi mboni.

Ndiye ndawerengera chonchi. Ndikapambana pa 16, ndinyamuka pa 20, ndifika pa 21. Tikiti ndi ya anthu awiri, ndiye mudzandiperekeza mpaka kuno, mwana asadzalire ndi munthu amene wamuiwala. Mudzaonanso ana a pa khoma aja.

Chondiopsa ndi pakamwa. Pa khadi ndimalemba ndili ndekha, koma uko kudzakhala anthu mazana awiri. A Fosca amandiimika pa bokosi la mbatata kukhitchini, iwo amakhala kukhomo ndi chipande: "Mokweza! Nkhuku yonyowa iwe! Anamanga nsanja ya belu ndani?" Ndikayankha amati: "Amva ndi anyezi okha." Dzulo ndinakuwa mpaka mlendo wa m'chipinda chachitatu anatsika kudzafunsa ngati kwabuka moto.

A Gosto amandizunguliza mzinda Lachinayi osandilipiritsa. Anandiuza mawu amene sindinawakonde. Anati: "Mwana wanga, wofunsa mafunsoyo ndi pulofesa. Sanakwerepo masitepe ndi nyemba. Iye amafunsa buku, buku limamuyankha. Uzikumbukira." Ndinati buku ndi khoma sizingasiyane, poti wolemba bukuyo anayang'ana khomalo. Iwo anangolankhula ndi hatchi.

Musachapire Rocchina ndi sopo wa phulusa, amamutulutsa ziwengo. Mundipempherere kwa Rocco Woyera.

Mwana wanu,
Nunziata


Firenze, 17 Sepitembala 1961

Amayi okondedwa,

Moni kwa nonse. M'thupi ndili bwino. Ndilemba zonse mwa dongosolo lake, monga zinachitikira, kuti musamve mbali imodzi.

Holo inadzaza. A Dona anakhala kutsogolo ndi chipewa chatsopano, a Fosca ndi a Gosto kumbuyo. Ife asanu anatiimika pa nsanja. Panali mphunzitsi wamkazi, ophunzira a ku yunivesite awiri, bambo wina wa ku banki wa magalasi, ndi ine mu diresi yobwereka yothina m'khwapa. Pulofesa anakhala pa tebulo ndi buku lofiira ndi kabelu. Atatchula kuti ndine wantchito wa m'nyumba wochokera kumwera, ku Lucania, anthu anaseka, wina anakuwa kuti: "Akolope kaye nsanjayo!" A Fosca anamuyankha kuchokera kumbuyo: "Akolopa pakamwa pako, nkhumba iwe!" Anthu anasekanso, ndipo mantha anga anachepako.

Munthu akalakwa kawiri amatsika. Funso langa loyamba linali la masitepe a denga lija. Ndinati 463, mawu anatuluka. Kenako la chitseko chagolide, kenako la mlatho wa masitolo a golide, kenako la nsanja ya belu. Wophunzira mmodzi anatsika, kenako mphunzitsi, kenako wophunzira winayo. Ine ndinalakwa kamodzi, pa chaka. Wa ku banki nayenso kamodzi. Anthu anasiya kuseka. Tinatsala awiri.

Pulofesa anati funso lomaliza ndi limodzi kwa tonse, aliyense alembe pa sileti yake. Anawerenga: "Pa khoma la nyumba ya ana osiyidwa, pabwalo la Annunziata, pali makanda a dothi angati?"

Amayi, ndinaona ngati Maria Woyera wandigwira paphewa. Lamulungu makumi anayi ndakhala ndikuwawerenga. Ndinalemba 14 mosamala.

Tinatembenuza masileti. Wa ku banki analemba 10.

Pulofesa anayang'ana m'buku, analiza kabelu, nati: "Khumi. Wapambana ndi bambo Pierattini."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaima chilili. Ndinamva a Gosto akukuwa: "Khumi ndi anayi! Ndimadutsapo kasanu patsiku! Tiyeni tikawerenge, ngolo ili panja!" Ena anayamba kuvomereza, kunali phokoso. Pulofesa anaimirira n'kukweza dzanja. Sanali waukali, analankhula ngati akuphunzitsa.

"Mtsikanayu ali ndi maso abwino," anatero. "Pakhomapo alipodi khumi ndi anayi. Koma amene anaumba Andrea della Robbia ndi khumi. Anayi a m'mphepetewo, awiri uku awiri uko, anawonjezedwa mochedwa, patapita zaka mazana atatu ndi theka. Si a mwini wake. Amenewo sitiwawerenga."

Wakumapeto uja, amayi. Wa masaya a Rocchina.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ine amene sinditha kufunsa mtengo wa anyezi, ndinamva mawu anga akugunda khoma la kumbuyo ngati kukhitchini kuja.

Ndinati: "Pepani, apulofesa. Mwana akabwera mochedwa, ndipo bambo wake sakudziwika, ndiye kuti si mwana? Ali pakhoma lomwelo, mvula imawanyowetsa limodzi, manja atambasula chimodzimodzi. Inu mwafunsa kuti alipo angati. Ine ndili naye wotero kwathu, wa chaka ndi miyezi inayi, dzina lake Rocchina, ndipo ndimamuwerenga."

Pulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Bambo wa ku banki anayang'ana nsapato zake. Mayi wina pakati anaomba m'manja yekha, kenako analeka.

A Tognaccini anabwera msanga n'kunena kuti malamulo analembedwa pa chipepala, yankho ndi la m'buku. Tikiti anapatsa bambo Pierattini, akuti apita ndi akazi awo ku Venezia. Ine anandipatsa mphoto yachiwiri, buku lofiira lomwelo, latsopano.

Nditayang'ana kutsogolo, mpando wa a Dona unali wopanda munthu.

Lero sanandilankhule. Diresi ndachapa, ndasita, ndaika pakhomo pawo. Ku Misa ndinapita, koma ndinatulukira khomo lina.

Ndikanalemba 10, amayi. Ndinatsegula bukulo, nambalayo ilimo, tsamba 88. Ndikanangoliwerenga.

Mwana wanu,
Nunziata


Firenze, 20 Sepitembala 1961

Amayi okondedwa,

Moni. Lero ndi tsiku limene ndikanakwera sitima. Mayi aang'ono, kalata iyi muwerenge muli awiri okha, chitseko chotseka.

A Dona anandiitana Lolemba. Sanakalipe. Anati: "Nyumba ino ndi yaulemu, Nunziata, ndipo unandinamiza." Ndinati sindinanene kanthu tsiku lija anandilemba ntchito. Anati: "N'chimodzimodzi." Ntchito yanga itha pa 30. Ndinagwada, amayi, ndinapempha kuti andimasule pa 27, ndinafotokoza za pa 29. Anayang'ana pa zenera nthawi yaitali, kenako anati zipinda zonse n'zodzaza ndipo wina wolowa m'malo mwanga afika pa 30. Kabuku kanga ka ntchito kali m'kabati mwawo, ndipo sadzakapereka lisanafike tsikulo, pamodzi ndi malipiro. Popanda kabukuko palibe angandilembe ntchito kwina, ndipo mwana ndingamutenge n'kumudyetsa chiyani?

A Bruna anabwera okha dzulo, manja ali ofiira ndi sopo. Nkhani ya mu holo inafika kale ku San Frediano. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati: "Ndiwe unaphunzitsa pulofesa kuwerenga? Ndimayesa ndiwe wamkulu thupi." Akuti kochapira kwawo kuli malo, malipiro ndi ochepa kuposa kuno, koma kuli bedi, ndipo mwana azigona m'dengu la zovala pambali panga. Tsiku lililonse, amayi, osati Lachinayi lokha.

Ndiye ndikwera sitima pa 30 madzulo ndi malipiro a mwezi uno. Musayembekeze ndalama pa positi. Ndifika pa 1 Okutobala ndi basi ya masana. Atate akufuna kupita naye pa 29. Ndi masiku awiri okha.

Ndikupemphani ichi, ndipo ndikudziwa chimene ndikupempha, dzanja lanu sindinaliiwale. Pa 28, atate akapita kumunda wa mphesa, mutenge Rocchina mupite naye kwa mayi aang'ono. Mayi aang'ono, mukwere naye kwa alamu anu kuphiri, kumene amaotcha makala, mukhale komweko mpaka ndifike. Atate akafunsa, amayi, munene kuti ndi ine ndalamula, mkwiyo wonse udikire ine. Ukwati wa achimwene sudzaonongeka. Pofika pa 8 m'nyumbamo simudzakhala mwana wopanda bambo, kapena mayi wake.

M'kapepala kopindidwa umu muli theka la mendulo yanga ya ubatizo, ija munandiveka inu. A Gosto anaidula ndi chopanira chawo cha misomali ya hatchi. Poyamba anakana, anati: "Zimenezi zinatha kalekale, mwana wanga." Ndinati ndikudziwa. Anadula osandiyang'ana, ndipo anaboola kabowo bwinobwino.

Ngati zonse zalephereka, ngati atate amutenga, musokere thekali m'kati mwa malaya ake, pamene asisitere adzalione pomuvula. Muwauze kuti mayi wake ali moyo, ali ndi theka linalo, ndipo ali m'njira. Asamupereke kwa munthu. Asamusinthe dzina. Theka la agogo a Gosto silinapeze linzake mpaka lero. Langa ndalimangirira pakhosi, ndipo ndidzagogoda nalo khomo lililonse la ku Potenza.

Buku lofiira lija ndapatsa a Fosca, akuti lakwana bwino pansi pa mwendo waufupi wa tebulo. Lero m'mawa, popita kumsika, ndinadzera pabwalo lija. Ndinawerenganso kawiri, kuyambira kumanzere. Alipo khumi ndi anayi.

Pepani pa mavuto onse amene ndakubweretserani chibadwire. Kalata iyi ikangofika, musadikire Lamulungu. Mayi aang'ono apite ku positi tsiku lomwelo akatumize telegalamu pa dzina la a Fosca, mawu amodzi akwana, inde kapena ayi. Ndiyankheni msanga, amayi, chonde, masiku atsala asanu ndi anayi.

Mwana wanu,
Nunziata